Puloti imodzi, madothi awiri: lipoti la kupima nthaka ya nyumba yosanja ku Mangochi

Ntchito imene tinapatsidwa

Lipoti ili ndi la ntchito yopima nthaka pa puloti ina kumpoto kwa tawuni ya Mangochi, pakati pa msewu wa M10 wopita ku Monkey Bay ndi madzi. Eni ake ankafuna nyumba yosanja kamodzi: pansi mashopu ndi malo odyera, pamwamba zipinda zogona alendo, kumbuyo khitchini ndi sitolo zosasanja. Pa pulani, nyumba yaikuluyo inali mamita 22 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi, italoza kunyanja, kuti alendo azidzaona madzi ali pakhonde. Ndalama zinkachokera kwa bambo amene amagwira ntchito ku Joni, koma woyendetsa zonse pamalopo anali mlongo wawo, mayi wa geni ya nsomba.

Anatiitana chifukwa injiniya amene ankajambula mapilala ndi zitsulo anakana kulemba kukula kwa maziko asanadziwe zimene zili pansi. Kapitawo wa amisiri sanaone chifukwa chake. Anali atayamba kale kukumba ngalande ya fawundeshoni mbali ya kumsewu, n'kupeza mchenga woyera bwino, wouma, ndipo anauza mayiwo kuti pa mchenga wotere wamangapo nyumba zosawerengeka. Sankanama ayi. Pamene anakumbapo panalidi pabwino. Kungoti nyumbayo inali yaitali, ndipo mbali ya kumadzi anali asanaikeko khasu.

Nthaka ya kuno inabwera bwanji

Mangochi ili m'chigwa cha Rift Valley. Mapiri a kum'mawa, cha ku Chowe ndi Namwera, ndi a miyala yolimba yakalekale, ndipo ku Nkhudzi ndi ku Monkey Bay thanthwe limachita kuonekera poyera. Koma chidikha chimene tawuni yakhalapo ndi dothi lobwera: mchenga, matope ndi dongo zimene nyanja, Shire ndi mitsinje yotsika m'mapiri zakhala zikusiya kwa zaka zikwizikwi. Nyanja ikakwera, mafunde amaunjika mchenga m'mizeremizere motsata gombe. Kuseri kwa mizereyo madzi amadikha, matope n'kukhazikika, ndipo makande amabadwira m'menemo. Nyanja ikabwerera, mizere ija imatsala kumtunda, anthu n'kumangapo nyumba, m'zigwa zake n'kumalimamo mpunga. N'chifukwa chake kuno munthu ukhoza kuyenda mamita 20 okha, dothi n'kusinthiratu.

Madziwo sanasiye kuyendayenda. Nyanja ya Malawi imakhala pafupifupi mamita 474 pamwamba pa nyanja yamchere, koma nambalayi ndi yapakatikati chabe. Kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935 inatsika mpaka Shire anasiya kutuluka bwino m'nyanja. Mu 1980 inakwera kufika pafupifupi mamita 477. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023 inakweranso, ndipo mu 2024 inapitirira mamita 476, n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba zambiri za m'mphepete mwake. Zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde zimathandiza kuwongolera madzi otuluka, koma womanga asaike mtima pamenepo. Nyumba ya konkire imayenera kukhala zaka 50 kapena kuposa, ndipo m'zaka zimenezo nyanja idzakwera ndi kutsika kangapo.

Ife tinafika pamalopo mu Okutobala, chilimwe chotsatira kusefukira kwa 2024, dziko litauma gwa. Nthawi imeneyi ndi yabwino kukumba, koma pa nkhani ya madzi imanamiza.

Zimene tinaona tisanakumbe

Pulotiyo inali yotsetsereka pang'ono, moti ndi maso simungadziwe. Titaika makina oyezera levulo, mbali ya kumadzi inapezeka yotsika ndi masentimita pafupifupi 80. Kumsewu kunali mchenga ndi migwalangwa ingapo. Kumunsi dothi linali lakuda bii, long'ambikang'ambika, ming'alu ina yolowa dzanja lonse, ndipo kupitirira malire kunkayamba bango. Mtengo waukulu wa mango unali pakona ya kumunsi.

Nyumba za oyandikana nawo zinatiuza zambiri kuposa mapu. Za kumsewu zinali bwinobwino, ngakhale zina zinali zakale, zomangira dothi. Ya kumunsi, ya njerwa zootcha ndi simenti, inali ndi ming'alu yopingasa yochokera pa makona a mawindo, yomatidwa kangapo n'kutsegukanso. Mwini wake anati chitseko cha kukhitchini chimakana kutseka kuyambira Januwale, n'kudzayambanso kutseka chokha chilimwe chikafika. Pa mpanda wake panali mzere wa matope wosonyeza pamene madzi a 2024 anafika, ndipo tinauyeza n'kuulemba, chifukwa umboni wotere sugulidwa ku labu. Gogo wina amene anabwera kudzaonerera anati ali mnyamata pamalo otsikawo ankamangapo mabwato, n'kuwonjezera kuti madzi saiwala khwawa.

Maenje

Tinakumbitsa maenje m'makona anayi a nyumba ndi ena awiri pakati, ndi mapiki ndi mafosholo. Lamulo lathu n'lakuti dzenje la mumchenga likapitirira mita 1.2, munthu salowamo popanda matabwa otchinga m'mbali. Aganyu anaseka lamuloli mpaka khoma la dzenje lina linagumuka lokha, wopanda wolikhudza, n'kukwirira fosholo.

Kumsewu tinapeza izi: masentimita 30 oyamba ndi dothi la mizu, kenako mchenga wofiirira, wokhuthalako, wogwirana bwino, mpaka kupitirira mamita 2. Kuyambira pa mita 1.2 kutsika, mchengawo unali ndi mawanga a dzimbiri ndi otuwa. Mawanga amenewa amabwera pamene madzi amakwera ndi kutsika chaka ndi chaka, choncho ngakhale dzenjelo linali louma, tinadziwiratu kuti dzinja madzi amafika pamenepo. Madzi enieniwo tinawapeza pa mamita 2.6. Pamenepo mchenga unasintha: wosalala, wotuwa, wosakanikirana ndi tizigoba ta nkhono za m'nyanja. Pansi pa dzenje pankachita kuwira, ukachotsa fosholo imodzi mchenga wina n'kulowa. Tinalekera pomwepo.

Kumunsi kunali dziko lina. Makande anatsika mpaka pa mita 1.8. Pamwamba piki inkachita kudumpha, koma kupitirira mita imodzi dothilo linali lofewa, lomata pa fosholo. Nditaswa chibuma chimodzi, m'kati munali timakoma tosalala, tonyezimira, tokhala ndi timizere. Timakoma timeneti timapangika dothi likamafufuma ndi kunyala, mbali ina n'kumakhulana ndi inzake. Munalinso timiyala toyera ta laimu. Pansi pa makandewo panali dongo lotuwa la mchengamchenga, kenako mchenga wosalala womwe uja. Madzi anatulukira titaboola dongolo, ndipo m'mawa mwake anali atakwera kufika pa mita 1.8 kuchokera pamwamba. Mukachotsera kutsika kwa malowo, muona kuti ndi levulo imodzimodzi ndi ya kumsewu. Madzi a pansi pa puloti yonseyo ndi amodzi, ndipo ndi olumikizana ndi nyanja kudzera mumchengamo.

Malire a mchenga ndi makande anadutsa chopingasa, pafupifupi pakati penipeni pa nyumba imene inajambulidwa. Theka la nyumba likanakhala pa dothi losasuntha, theka linalo pa dothi lokwera ndi kutsika chaka chilichonse.

DCP ndi dzenje lobisika

Pakati pa maenjewo tinakhoma DCP. Ichi ndi chitsulo chachitali chokhala ndi nsonga ya mamilimita 20, chimene chimakhomedwa ndi hamala ya makilogalamu 8 yogwa kuchokera pa mamilimita 575, ife n'kumalemba kuti chalowa bwanji pa kumenya kulikonse. Mu mchenga wa kumsewu chinkalowa mamilimita 20 mpaka 25. Pa makande, pamwamba chinkalowa pang'ono kwambiri, ndipo kapitawo anandiyang'ana monyadira. Nambala imeneyo ndi ya Okutobala. Makande omwewo mu Febuluwale chitsulo chimalowa ndi kulemera kwa hamala kokha. Ine zotsatira za DCP pa makande ouma sindiwerengera nazo maziko.

Pamalo amene panayenera kukhala khitchini, chitsulo chinalowa bwinobwino masentimita 40, kenako chinangoti phoo, kumira chokha. Titakumba tinapeza phulusa, zidutswa za njerwa, mapulasitiki ndi mamba a nsomba. Linali dzenje lakale loumbira njerwa, limene anthu anadzaza ndi zinyalala n'kufotsera dothi pamwamba. Mayiwo anagula malowo dzenjelo litafotseredwa kale, ndipo sankadziwa. Maenje otere ndi ochuluka m'mapuloti a m'mbali mwa matawuni athu, ndipo maenje opimira a m'makona okha sangawapeze.

Kuboola

Apa ndi pamene panali kukambirana. Maenje ndi DCP zinatifikitsa mamita osapitirira 3, koma katundu wa nyumba yosanja amamveka pansi kwambiri kuposa pamenepo. Mwambo wa ntchito yathu ndi kupima mpaka kuya kofanana ndi m'lifupi mwa maziko kamodzi ndi theka. Poti tinkaganizira kale za silabu yaikulu ya mamita 8, tinayenera kufika mamita 12. Zimenezi zimafuna makina oboolera, ndipo kuwabweretsa ku Mangochi si ndalama yochepa.

Mayiwo anati, "Bambo injiniya, ndalama imeneyi ndi matumba angati a simenti? Achimwene ndikawauze kuti tagula chiyani, mabowo?" Funso lake linali loona. Ndinawatengera pa dzenje la kumsewu, n'kuwaonetsa mchenga wowira uja, n'kunena kuti sindingadziwe ngati ukutha pa mita imodzi kapena ukupitirira mamita 6, ndipo maziko a nkhani ziwirizi mtengo wake ndi wosiyana kutali. Anaimbira achimwene awo pa WhatsApp, n'kuloza kamera m'dzenjemo. Tinagwirizana mabowo awiri.

Pobowola timachita SPT: hamala ya makilogalamu 63.5 imagwa kuchokera pa mamilimita 760, n'kukhoma paipi yotengera dothi mamilimita 450, ndipo timawerenga kumenya kwa mamilimita 300 omaliza. Nambalayo ndi N. Mchenga wa N yosafika 10 ndi wotayirira; wa pakati pa 10 ndi 30 ndi wogwirana pakatikati. Mchenga wa pamwamba kumsewu unapereka 14 mpaka 18. Mchenga wosalala wa nkhono uja, kuyambira pa mamita 2.5 mpaka cha pa 4.5, unapereka 6 mpaka 9. Kupitirira pamenepo nambala zinakwera kufika m'ma 20, ndipo cha pa mamita 8 tinalowa mu dongo lolimba la mchengamchenga limene linapitirira mpaka pamene tinalekezera. Thanthwe sitinalipeze, ndipo sitinkaliyembekezera.

Za ku labu

Dothi tinalitumiza ku labu ku Blantyre, kumene analipima motsata BS 1377, malamulo a ku Britain opimira dothi. Makande: gawo loposa 70 pa 100 linadutsa sefa ya mamilimita 0.075, liquid limit (kuchuluka kwa madzi, pa 100, kumene dothi limayamba kuyenderera ngati phala) inali pakati pa 60 ndi 65, PI (nambala yosonyeza kumata kwa dothi, imene imakwera dongo likachuluka) ya dothi lonse pafupifupi 30, ndipo m'chikombole linanyala ndi 15 pa 100 litauma. Pa tchati cha Van der Merwe cha 1964, chimene timagwiritsa ntchito kwambiri kum'mwera kuno kwa Africa, dothi lotere lili m'gulu lofufuma kwambiri. Powerengera kuti gawo la pansi limakhala lonyowa chaka chonse chifukwa cha madzi apafupi, ndinapeza kuti pamwamba pakhoza kukwera masentimita 3 mpaka 5.

Nambalayi imaoneka yochepa mpaka muiike pa khoma. Khoma la njerwa limayamba kung'ambika mbali imodzi ikasiyana ndi inzake ndi gawo limodzi pa 300, kutanthauza masentimita 2 pa mamita 6. Pano kusiyana konseko kukanachitikira pa mzere umodzi, pamene mchenga ukumana ndi makande.

Mchenga wosalala uja unalibe dongo lougwirizitsa. Madzi a pansi anali ndi kamchere pang'ono, kosafika pofuna simenti yapadera, koma kokwanira kudya zitsulo zosakutidwa bwino.

Madzi

M'mabowo awiriwo tinasiyamo mapaipi a PVC ochekacheka m'mbali, okulungidwa ndi chidutswa cha neti yakale kuti mchenga usalowe, pamwamba n'kuika chotsekera. Mlonda wa pamalopo tinamupatsa tepi, choko ndi kope, kuti Lachisanu lililonse azipaka choko pa tepi, kuitsitsa, n'kulemba pamene yanyowa. Anagwira ntchitoyi mosadumphitsa, ndipo kope lakelo ndi limene linamanga lipoti lomaliza.

Madzi anatsikabe pang'ono mpaka kumayambiriro kwa Disembala, kenako anayamba kukwera. Mvula itasiya, iwo sanasiye. Anafika pachimake chakumapeto kwa Epulo: mita 1.1 kumsewu, masentimita 30 okha kumunsi. Mawanga a dzimbiri aja sananame. Izi zimatsata nyanja, imene imadzaza kwambiri mu Epulo ndi Meyi madzi a mitsinje ya kumpoto ndi ya ku Tanzania atafika, n'kutsika kwambiri cha mu Novembala ndi Disembala. Ambiri amadikira kuti mvula ithe n'kuyamba kukumba maziko mu Meyi. M'mphepete mwa nyanja imeneyo ndi nthawi imene madzi a pansi ali pamwamba kwambiri.

Madziwo akafika pa maziko amachepetsa mphamvu ya mchenga pafupifupi ndi theka, chifukwa mchenga womira m'madzi umapepuka, ndipo mphamvu yake imachokera pa kulemera kwake komwe. Palinso zivomezi. Dera lino lili m'chigwa chomwe chija chimene chinagwedeza Salima mu Malichi 1989 ndi Karonga mu Disembala 2009, ndipo ku Karonga mchenga wonyowa unatumphukira pamwamba m'malo ena. Mukaima pa mchenga wonyowa m'mphepete mwa nyanja n'kumapondaponda pamalo amodzi, umafewa, mapazi n'kuyamba kumira. Chivomezi chimachita zomwezo pa mchenga wotayirira wokhuta madzi. Gawo lathu la N 6 mpaka 9 linali la mtundu umenewo.

Maganizo anga pa maziko

Kapitawo atamva za makande, mankhwala ake anali okonzeka: "Ndiye tingokumba kwambiri, bwana, mpaka tipeze polimba." Ku Namwera kapena pa katondo wa ku Lilongwe mawu amenewa ndi anzeru. Pa puloti iyi akanatipweteka. Dothi labwino linali la pamwamba, mchenga wogwirana wa mamita awiri aja. Aliyense wokumba mozama akuchotsa gawo labwinolo, n'kukakhazika mapilala pafupi ndi mchenga wotayirira, m'madzi, m'ngalande zimene sizingaime zokha. Pano kutsika kunali kufooka. Nyumbayo inafunika kukhala pamwamba, motambalala, kuti katundu wake akamafika pa mamita 2.5 akhale atamwazikana kale.

Njira zinalipo zingapo. Mapilala okhoma pansi mpaka pa dongo la pa mamita 8 akanathetsa nkhani ya makande ndi ya mchenga nthawi imodzi, koma mtengo wake pa nyumba ya msinkhu uwu ndi wosayenera, ndipo makina ake ndi osowa. Kuchotsa makande onse pansi pa theka la nyumba n'kuthira giravulo kunali kotheka, koma kukanafuna matipa ochuluka, kukumba mpaka pa levulo ya madzi, ndipo theka lina likanakhalabe pa dothi losiyana ndi linzake. Silabu yolimba kwambiri yodutsa pa madothi onse awiri ikanadya zitsulo zambiri pofuna kupirira vuto limene tikanatha kungolizemba.

Njira yotchipa inali kutembenuza nyumba. Mzere wa mchenga unali wotalika motsata msewu, ndipo kuchokera pa malire amene a Roads Authority salola kumangamo unali ndi mamita pafupifupi 14 m'lifupi. Nyumba ya mamita 8 inkakwanamo yonse itagona motsata msewu. Bambo wa ku Joni poyamba sanafune, poti m'mutu mwawo munali kale khonde loloza kunyanja. Wojambula pulani atawaonetsa kuti nyumba ikatembenuka zipinda zonse za pamwamba zidzayang'ana kumadzi, m'malo mwa ziwiri zakumapeto zokha, anavomera. Pulani inabwereranso ku khonsolo kukadindidwa kachiwiri, zimene zinachedwetsa ntchito, koma poti tinkadikira kale kope la mlonda, sitinataye kanthu.

Malangizo athu anali akuti dothi la mizu lichotsedwe, mchenga wotsalawo uthiridwe madzi ndi kutsenderedwa ndi makina onjenjemera, kenako pathiridwe giravulo wa PI yosapitirira 12, masentimita 15 pa nthawi, aliyense atsenderedwe kufika 95 pa 100 ya Mod AASHTO, kutanthauza kutsendereka kwapamwamba kumene labu imapeza pa giravulo yemweyo. Pamwamba pake pakhale silabu imodzi ya nyumba yonse, yokhala ndi mabimu pansi pa makoma ndi mapilala, yomangika pamodzi. Pansi pa nyumba pakhale theka la mita pamwamba pa mzere wa matope wa 2024. Mphamvu ya nthaka tinalemba 60 kPa (pafupifupi matani 6 pa sikweya mita imodzi), madzi ali pachimake. Injiniya wa zitsulo anapeza kuti nyumbayo idzapondereza osapitirira 40 kPa. Silabu yotere siletsa mchenga kufewa chivomezi chachikulu chikabwera, ndipo izi ndinazilemba poyera mu lipoti. Chimene imachita ndi kugwira nyumba kuti ikatsika itsike yonse pamodzi, osathyoka pakati. Konkire tinati ikhale ya C25 (nambala yosonyeza kulimba kwake), yothiridwa pa kakonkire kosalazira pansi, zitsulo zikutidwe ndi mamilimita 50, ndipo madzi osakanizira akhale a pampope wa Southern Region Water Board, osati a pachitsime.

Khitchini sinakwane pa mchenga. Dzenje la zinyalala linakumbidwa lonse mpaka pa dothi lenileni, makande a pamwamba anachotsedwa mita imodzi, n'kubwezeramo giravulo wotsendera. Inapatsidwa silabu yakeyake, yosalumikizana ndi nyumba yaikulu, pakati n'kusiya mpata wa mamilimita 25 kuyambira pansi mpaka kudenga. Kuzungulira pake tinati pakhale konkire ya mita 1.5 yotsetserekera kunja, madzi a padenga apite kutali, ndipo mapaipi a madzi akhale ndi zolumikizira zotha kupindika. Paipi yodontha pa makande ndi yoipa kuposa mvula, chifukwa imanyowetsa kona imodzi yokha. Mtengo wa mango tinati usadulidwe. Uli patali mokwanira, ndipo ukadulidwa, dothi limene wakhala ukuliumitsa kwa zaka zambiri limayamba kumwa madzi n'kufufuma pang'onopang'ono. Nimu ndi bulugamu tinaletsa kubzala pafupi ndi khitchini kuposa kutalika kumene mtengowo udzafike.

Pomanga

Ntchito inayamba mu Ogasiti, madzi atatsikako. Giravulo wa matipa oyamba tinamubweza: anali wofiira bwino, koma ukamunyowetsa n'kumufinya m'dzanja ankamata, ndipo labu inatsimikiza kuti dongo linachuluka. Wachiwiri, wochokera m'munsi mwa mapiri, anakhoza. Gawo lililonse tinkaliyeza ndi botolo la mchenga, chipangizo choonera ngati latsendereka mokwanira, lisanathiridwe lotsatira. Chovuta chachikulu chinali dzuwa. Giravulo wothiridwa madzi m'mawa pofika 10 koloko anali atauma, ndipo wouma satsendereka ngakhale makina adutsepo kangati. Amisiri anasintha n'kumayamba m'bandakucha.

Kapitawo uja, ataona zinyalala za m'dzenje zikutuluka mawilibala osatha, anasintha mtima, ndipo ndi iye amene anaumirira kuti tizidutswa toikira pansi pa zitsulo tikhale ta konkire, osati zidutswa za njerwa monga anazolowera. Silabu anaithira tsiku limodzi, n'kuifunditsa masaka onyowa kwa sabata yathunthu.

M'makona a silabu tinakhomamo mabawuti oyezera. Kuchokera pamene anathira silabu mpaka denga litakwera ndi dzinja limodzi litadutsa, nyumba yaikulu inatsika mosafika sentimita imodzi, ndipo makona anayi sanasiyane kuposa mamilimita atatu. Khitchini inakwera pang'ono mu Malichi, mpata uja n'kugwira ntchito yake. Mpanda wa kumbuyo, umene unamangidwa mwa masiku onse pofuna kusunga ndalama, wopanda mipata yopumira, unang'ambika pamalo amodzi: pamene mchenga ukumana ndi makande. Tinalangiza kuti mng'aluwo asaumate, koma audule bwino ukhale mpata, aike pilala mbali iliyonse.

Zimene zatsala

Nkhani ya zimbudzi sinathe bwino. Sepitiki thanki yokumbidwa kumunsi, pamene madzi amafika masentimita 30 kuchokera pamwamba, ili ndi mavuto awiri. Loyamba, ikapopedwa mu Epulo ikhoza kuyandama: thanki ya mamita 3 ndi 2, yomira mita 1.5, imakankhidwa kuchokera pansi ndi mphamvu ya matani 9, ndipo ya njerwa yopanda kanthu m'kati nthawi zambiri siifika pamenepo. Lachiwiri, dzenje lomwetsera madzi oipa silimwa pa makande, ndipo mukaliboola mpaka pa mchenga, zoipazo zikulowa m'madzi omwewo amene oyandikana nawo amatunga pachitsime. Tinalangiza thanki ya konkire yokwezedwa, yomangidwa pa mchenga cham'mbali mwa nyumba, ndi mulu wa mchenga ndi miyala wosefera madziwo, zonse zikhale mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime. Thankiyo inamangidwa. Mulu wosefera sunamangidwe, ndalama zitapita ku matailosi, ndipo pakadali pano akudalira galimoto yopopa. Zipinda zikadzayamba kudzaza njira imeneyi sidzakwanira, ndipo talemba kalata yowakumbutsa.

Mapaipi oyezera madzi tinawasiya, limodzi pakona ya nyumba, lina pafupi ndi mtengo wa mango, ndipo mlonda akulembabe kamodzi pamwezi.

Bambo wa ku Joni anatumiza uthenga posachedwapa kufunsa ngati angawonjezere nsanja ina pamwamba, poti zitsulo za mapilala anazisiya zitatulukira padenga. Yankho lathu ndi lakuti ayi, pa maziko alipowa. Nsanja ina ikhoza kufikitsa katundu pafupi ndi 60 kPa imene tinalemba, n'kudya mpata wonse umene tinasiyira mchenga wotayirira uja, komanso nyumba yotalika imagwedezeka mosiyana pa chivomezi. Ngati akufunadi zipinda zina, pakufunika kuwerengera kwatsopano kwa injiniya wa zitsulo ndi kuboolanso pafupi ndi silabu. Apo ayi, malo a mchenga atsalako mamita angapo kumpoto kwa nyumbayo, okwanira zipinda zosasanja. Zitsulo zotulukirazo tawauza azidule kapena azikute ndi konkire mvula isanayambe, chifukwa zayamba kale dzimbiri.